Chaka chathunthu pa kampani, kapena atachimenti ya pa holide?

Wophunzira wa pa UNZA kapena yunivesite ina muno mu Lusaka akafuna kulawa ntchito asanamalize digiri, njira zilipo ziwiri: kuimitsa sukulu chaka chathunthu, kapena kugwira miyezi itatu yokha ya holide.

Ndalama
Chaka chathunthu: miyezi 12 ya lendi, ndiwo ndi minibasi. Ngati mumagona ku Kalingalinga koma ofesi ili ku Cairo Road, thumba libooka msanga. Funsiranitu ngati adzakupatsani kangachepe, pakuti ena sapereka ngakhale ya basi.
Holide: mutha kukhala kwa amalume ku Chelstone, asanatope nanu mwamaliza.

Zophunzira
Holide: mwezi woyamba umathera pa fotokope ndi kuloweza mayina a anthu.
Chaka: abwana amayamba kukusiyirani ntchito yeniyeni, mumaona mpaka kutseka mabuku a chaka, ndipo kalata yokuchitirani umboni imakhala yonona. Ine ndimaikira kumbuyo njira imeneyi.

Nthawi
Chaka: digiri ya zaka 4 imasanduka ya zaka 5, anzanu n'kuvala gauni inu mukuonerera.

Chaka chikuyenera amene ali ndi womuthandiza kunyumba. Amene azing'ono ake akudikira kuti awalipirire fizi, atenge ya holide.