Ntchito yanga yopanga moto ndi utsi wa m'magemu kuno ku England

Abale anga kumudzi, ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za ntchito yomwe ndinapeza kuno, ndipo a malume anafunsa mosapita m'mbali ngati munthu angalipidwe chifukwa chosewera magemu. Ayi a malume, sindisewera. Ndili ku Leamington Spa, kufupi ndi Coventry, tauni yaing'ono koma yodzaza ndi makampani opanga magemu moti anthu anaitcha Silicon Spa. Ndinalowa ngati junior VFX artist, kuphunzira ndili pantchito pomwepo. Mukaona m'gemu galimoto ikubuula fumbi, mfuti ikulavula moto kapena mvula ikuyenderera pagalasi, dziwani kuti pali anthu anakhalira zimenezo pansi. Ndi gulu lathu limenelo.

Kalasi kulibe. Anandikhazika pafupi ndi mayi wina amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndipo choyamba chomwe anandipatsa ndi fumbi lodzuka munthu akaponda pansi. Kanthu kochepa, koma ndi pamene ndinaphunzirira njira yonse. Utsi kapena fumbi timayamba kulipanga mu Houdini, pulogalamu ya kampani ya SideFX ya ku Toronto. Kenako timatenga tizithunzi 64 tosonyeza mmene likufufumira mpaka kuzimirira, n'kutiyala pa chithunzi chimodzi, mizere 8 ya tizithunzi 8. Chimenecho amati flipbook. Tikalowa nacho mu Unreal Engine, pulogalamu yomwe timamangiramo gemu yonse, chida chotchedwa Niagara chimaponya timakadi tating'ono toyang'ana kamera ya m'gemu (komwe wosewera akuonera) nthawi zonse, kalikonse kakusewera tizithunzi tija motsatizana. Wosewera amaona utsi weniweni, chonsecho ndi timakadi tathyathyathya.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi nthawi. Mufilimu, kompyuta imatha kutenga maola kukonza chithunzi chimodzi. Gemu imayenera kutulutsa zithunzi 60 pa sekondi, kutanthauza mamilisekondi pafupifupi 16.7 pa chithunzi chilichonse (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000), ndipo nthawi yomweyo tigawane ndi a mitengo, a nyumba, a kuwala, a anthu oyenda. Zili ngati thumba limodzi la ufa pa banja lalikulu: ukatapa kwambiri wina agona ndi njala. Timakadi toonekera mkati tikasanjikizana tambirimbiri, kompyuta imapenta malo amodzi kambirimbiri, amati overdraw, ndipo gemu imayamba kudukiza. Mayi aja akaona ntchito yanga nthawi zambiri amandiuza kuti ndichotse theka la timakadi koma utsi uoneke chimodzimodzi. Apa ndiye pagona luso lonse, ndipo ndimawalemekeza chifukwa iwo amachita zimenezi ndi timakadi tochepa kwambiri koma moto wawo umaoneka woti ungakuwotche.

Amandiumiriza kuonera mavidiyo a moto weniweni pang'onopang'ono, chithunzi ndi chithunzi. Chinthu chikaphulika, kuwala kumayamba n'kutha msanga, moto umatsatira, utsi ndi umene umatsalira n'kumayenda ndi mphepo. Ukasokoneza dongosololi wosewera amamva kuti china chake chalakwika ngakhale sangachitchule. Apa kukulira kwathu kwandithandiza kwambiri. Ndimadziwa kuti nkhuni zaziwisi zimafuka utsi woyera wokhuthala, tayala limafuka wakuda bii, udzu wouma umalilima kamphindi n'kusiya phulusa likuuluka. Fumbi la mu October likadzuka kumbuyo kwa lole silitsika msanga. Zimenezi sindinaziwerenge paliponse.

Achinyamata amene mukufuna kuyamba, Blender, pulogalamu inanso yopangira zinthu ngati utsi ndi moto, ndi yaulere, Unreal Engine nayonso mungaitenge osalipira. Vuto ndi loti Unreal imadya magigabaiti ochuluka pokopera, ndipo imafuna kompyuta yokhala ndi graphics card (chipangizo chokonza zithunzi zooneka pa sikirini) yamphamvu, choncho yambani ndi Blender pa kompyuta yomwe muli nayo. Olemba ntchito kuno amayang'ana kwambiri reel, kavidiyo kafupi ka zomwe wapanga wekha. Ikanimo zinthu zitatu kapena zinayi zokonzedwa bwino, ndipo pa chilichonse mulembe pulogalamu yomwe munagwiritsa ntchito ndi gawo lomwe munapanga ndi manja anu.