Manotsi oti madzi sangakokolole

Aphunzitsi anzanga a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, moni kuchokera kuno ku Pietermaritzburg, ku South Africa. Ambiri mumandifunsa za kaphunzitsidwe ka kuno. Ana ndi ana basi, phokoso lake ndi lomwelo. Chosiyana n'chakuti pa sukulu imene ndili, choko timachigwira mwa apo ndi apo.

Phunziro timalikonzera pa Google Slides. Ndi masamba otsatizana ngati a PowerPoint, koma amakhala pa intaneti, osati mu kompyuta ya munthu mmodzi. Ukamaliza umasankha "Publish to web", n'kutenga khodi (code) imene akupatsayo kukaimata pa tsamba la kalasi, la ife lili pa Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti. Mwana akatsegula tsambalo, phunziro lonse limaonekera pomwepo, iye n'kumangotembenuza masamba ndi chala. Ukakonza chiganizo chimodzi, tsamba la kalasi limasinthanso lokha, osajambulitsanso mapepala.

Nditazolowera zimenezi mtima wanga unathamangira ku East Bank, dera la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atadutsa, masukulu ambiri kwathuko anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Mnzanga wina anandiuza pa foni kuti makope ake a sikimu (ndondomeko ya zophunzitsa) ndi manotsi a jogirafe, amene anawasonkhanitsa kuyambira ali mphunzitsi watsopano, anawapeza atasanduka phala. Analira, ndipo ine ndinamumvetsa. Desiki boma likhoza kugula ina, koma zimene mphunzitsi analemba yekha usiku pa nyali palibe sitolo yogulitsa. Madzi anabwera mu 2015, anabweranso mu 2019, ndipo Shire ndi Ruo sizinasamuke. Manotsi akakhala pa intaneti, ngakhale foni itamira, umabwereka ya mnzako n'kuwapeza onse ali bwinobwino.

Sindikuiwala mmene zinthu zilili kwathu. Namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse n'kukhala mu mdima. Bandulo ndi yodula, netiweki imathawa. Ndiye musadalire kutsegula masilaidi pa intaneti m'kalasi. Akonzeni mukapita ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula komwe netiweki ikugwira, kenako muwatsitse ngati PDF n'kuwatumiza pa gulu la WhatsApp. Kanema musaikemo, amadya bandulo. Zithunzi zikhale zochepa komanso zopepuka.

Ngati sukulu ili ndi projekita, ganizirani za dzuwa la m'chigwa. Kuno amatseka makatani kuti zolemba zioneke bwino, koma ku Ngabu mu Okotobala simungatsekere ana mazenera masana, akomoka. Iyatseni m'mapiriyodi a m'mawa, zilembo zikhale zikuluzikulu, zakuda pa tsamba loyera, kuti wokhala kumbuyo kwenikweni awerenge.

Zithunzi jambulani nokha. Pophunzitsa za mitsinje, aonetseni pomwe Ruo amathira mu Shire ku Chiromo, kapena dambo la Elephant Marsh. Za ulimi wothirira, ngalande za m'minda ya nzimbe ku Nchalo zikukwana. Mwana akaona malo amene amadutsa pa njinga, amayamba kufunsa yekha.

Chimodzi chokha sichindisangalatsa kuno. Aphunzitsi ena amadzaza tsamba ndi mawu n'kumangowerenga, ana n'kumawodzera. Ine ndimaika mfundo ziwiri kapena zitatu, zotsalazo ndimafotokoza pakamwa, ndipo ana amalembabe m'makope. Kwathuko izi n'zofunika kwambiri, poti mayeso a MSCE amalembedwa ndi cholembera.

Amene muli ndi manotsi a Fomu 3 ndi Fomu 4 olemba pamanja, ajambuleni ndi foni mvula isanayambe. Munditumizire, Loweruka ndi Lamlungu ndimakhala ndi mpata komanso Wi-Fi, ndidzawataipa n'kuwaika pa Slides. Tiyambe ndi jogirafe ndi zaulimi, kenako mukagawane pa TDC (Teacher Development Centre), pomwe aphunzitsi amakumana.