DuckTales yatsopano m'maso mwa munthu amene anakula ndi yakale

Makatuni a DuckTales ndinawaonera koyamba pa kaseti ya vidiyo yokalamba, yomwe zithunzi zake zinkanjenjemera pamene Scrooge McDuck, bakha wokalamba wolemera kwambiri, ankadumphira m'nkhokwe yake ya ndalama zachitsulo. Choncho kampani ya Disney itawakonzanso mu 2017, patatha zaka 30 chiyambire akale aja mu 1987, ndinakhala pansi kuwaonera ndi mtima wokayika.

Poyamba kajambulidwe kake sikanandisangalatse, chifukwa nkhope za abakha zili ndi makona, ndipo kufewa komwe ndinakuzolowera kulibemo. Chomwe chinandigwira mtima ndi kalembedwe ka nkhani. Kale Huey, Dewey ndi Louie, abakha aang'ono atatu omwe ndi abale ake a Scrooge, tinkawasiyanitsa ndi mtundu wa zovala basi, koma tsopano aliyense ali ndi khalidwe lake: Huey amadalira mabuku, Dewey ndi wopupuluma komanso wofuna kutchuka, pamene Louie ndi waulesi wokonda ndalama. Nkhani ya mayi awo, Della Duck, amene anasowa ndipo anapezeka ali kumwezi, inandikhudza kuposa momwe ndinkayembekezera. Katswiri wa zisudzo David Tennant, yemwenso ndi wa ku Scotland ngati Scrooge, mawu a nkhalambayi anawatha bwino.

Vuto ndi loti olemba ankafunitsitsa kusangalatsa ife akuluakulu, moti analowetsamo Darkwing Duck ndi ena ambiri ochokera m'makatuni akale. Mwana wanga ankangondiyang'ana modabwa pamene ine ndinkaseka ndekha. Makatuniwa anatha mu 2021, ndipo amafunika kuwaonera motsatana kuyambira gawo loyamba, apo ayi nkhani imasokonekera.