Dragon Age: Origins Ultimate Edition: nyenyezi 4 pa 5, koma anthu abwino kwambiri gemuyi imawabisa

Aliyense amene wasewerapo Dragon Age: Origins akayamba kufotokoza, mayina amene amatuluka ndi omwewo: Alistair, Morrigan, Leliana, kenako Loghain. Nzosadabwitsa. Pa ulendo mumaloledwa kuyenda ndi anzanu 3 okha, ndipo ambiri akasankha atatuwo koyambirira sawasinthanso mpaka nkhondo yomaliza ya ku Denerim. Ndemanga iyi ndi ya Ultimate Edition ya pa kompyuta, imene inatuluka mu 2010, chaka chimodzi BioWare itatulutsa gemu yoyambayo. Muli Awakening, chowonjezera chachikulu chopitiriza nkhani, ndi zowonjezera zina 9. Ndalama zanu sizipita pachabe, koma phindu lenileni lili mwa ampangankhani ang'onoang'ono, ndipo angapo a iwo mukhoza kuwaphonya osadziwa n'komwe kuti analipo.

Woyamba kuphonyeka ndi galu. Gemuyi ili ndi njira zisanu ndi imodzi zoyambira, ndipo ngati mwayamba ngati Human Noble, galu wa mtundu wa mabari mumakhala naye kuyambira kunyumba. Mukayamba mwa njira zina zisanuzo, muyenera kumugwirira ntchito ku msasa wa asilikali wa ku Ostagar. Lankhulani ndi wosamalira agalu, lowani m'khola mumumange pakamwa galu wodwalayo, ndipo mukapita ku Korcari Wilds mukathyole duwa loyera lofiira pakati. Mulipereke nkhondo ya usiku isanayambe. Mukachedwa, Ostagar simudzaipezanso momwe inalili, ndipo mwayi wotsala womutenga galuyo ndi wa mu chowonjezera cha Return to Ostagar. Mukapereka duwalo, galuyo amadzakupezani pa msewu wopita ku Lothering. Anthu amamunyoza chifukwa savala zankhondo, ali ndi kolala ndi utoto wa pathupi basi, ndipo chakumapeto mphamvu zake zimatsalira. Koma pakati pa gemu ndi wothandiza zedi: Dread Howl imaumitsa adani onse omuzungulira, ndipo Overwhelm imagwetsa mdani mmodzi n'kumupanikiza pansi. Mukailunjikitsa pa wamatsenga wa adani, amene nthawi zambiri ndiye amamaliza gulu lanu, nkhondo imapepuka. Chinanso, galu sakwiya ndi chisankho chanu chilichonse.

Muli ku Ostagar komweko, gulani zikwama. Mumayamba ndi malo a katundu 70, ndipo chikwama chilichonse chimawonjezera 10. Wosunga katundu wa asilikali amagulitsa chimodzi musanapite ku Korcari Wilds, china mukabwerako, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa kutsogolo.

Ku Lothering kuli Sten, ndipo uyu ndi amene amalakwiridwa kwambiri. Mumamupeza atatsekeredwa m'chikwere chachitsulo kunja kwa mudzi, atapha banja la mlimi limene linamupulumutsa. Iye sakana mlanduwo. Kuti atuluke, kapempheni kiyi kwa Revered Mother, mkulu wa Chantry (tchalitchi cha m'mudzimo), ndipo zimaphweka mukakhala ndi Leliana, kapena thyolani loko ngati muli ndi waluso lotero. Musanene kuti ndidzabweranso, chifukwa mukangomaliza umodzi mwa maulendo akuluakulu, a darkspawn, zilombo zimene mukulimbana nazo mu gemuyi, amawononga Lothering ndipo Sten amapita nawo.

Vuto la Sten ndi loti osewera amamutenga ngati Alistair. Amamusangalatsa, amamufunsa za mumtima, iye n'kumangoyankha mawu amodzi amodzi, ndiye amamusiya pa msasa. Sten safuna kunyengereredwa. Amalemekeza munthu wolankhula mosapita m'mbali ndi woima pa chimene wanena, ngakhale chikhale chomutsutsa iyeyo. Mphatso zimene zimamufika pamtima ndi zithunzi zojambulidwa pamanja, chinthu chimene simungachiganizire pa chimphona chotere. Akayamba kukukhulupirirani amaulula kuti chimene chinamupengetsa chinali kudzuka n'kupeza lupanga lake, Asala, palibe, ndipo kwa a Qunari, anthu a kwawo, msilikali wotaya lupanga ndi munthu wotha. Kulipeza ndi masitepe atatu: wotoleza zotsala pa doko la Lake Calenhad amakulozerani kwa Faryn, wamalonda wa pa khomo la Orzammar, mzinda wa ma dwarf, ku Frostback Mountains, ndipo Faryn amakuuzani kuti analigulitsa kwa Dwyn ku Redcliffe. Kwa Dwyn mukhoza kuligula, kumunyengerera kapena kumuopseza. Mukamubwezera, Sten amayamba kukutchulani kuti kadan, dzina limene a Qunari amapatsa munthu wapamtima, ndipo zokambirana zake zimasinthiratu. Pa nkhondo ali ndi chilema chimodzi chodziwika: lupanga la manja awiri limachedwa, ndipo koyambirira amaphonya kawirikawiri. Ikani mapointi ake ambiri pa Strength, ndipo musamusiyire Powerful Swings yoyaka nthawi zonse, chifukwa imachepetsa mwayi womenya.

Wamalonda Bodahn Feddic ndi mwana wake womulera, Sandal, simungawataye. Mumakumana nawo potuluka mu Lothering ndipo amadzakhazikika pa msasa wanu. Chimene anthu amaphonya ndi ntchito yawo. Sandal amaika miyala yamatsenga m'zida, kwaulere, ndipo mwala mukhoza kuuchotsa n'kuuika m'chida china osawonongeka. Chida chabwino chimalandira miyala mpaka 3. Choncho palibe chifukwa chosungira miyala m'chikwama kudikira lupanga labwino. Ikani lero, mudzasamutse mawa. Mu Origins miyala imalowa m'zida zomenyera zokha, zovala zankhondo zimayamba kulandira mu Awakening. Bodahn ali ndi mabotolo osatha, pamene Varathorn wa ku msasa wa a Dalish, ma elf a m'nkhalango, ali ndi elfroot yosatha, ndipo elfroot imodzi ndi botolo limodzi zimapanga mankhwala ang'onoang'ono a mabala. Mukaphatikiza awiriwa simudzagulanso mankhwala opangidwa kale.

Sandal pafupifupi mawu ake onse ndi amodzi, "Enchantment!", ndiye n'kosavuta kumutenga ngati nthabwala. Koma mukafika mu Fort Drakon chakumapeto, mumamupeza ataima yekhayekha, magazi thupi lonse, mitembo ya a darkspawn ili mbwee pomuzungulira. Safotokoza kanthu. Mu Dragon Age II ya 2011 zimachitikanso ku Deep Roads, uko wasiya ogre itauma gwa. Kenako iye ndi Bodahn amakakhala m'nyumba ya Hawke, amene mumasewera mu gemu imeneyo, ku Kirkwall. Olemba anatchera nkhani yaikulu pa mwanayu koma sanaimalize, ndipo ichi n'chimodzi mwa zokhumudwitsa za mndandanda wonsewu.

Bodahn ali ndi msampha umodzi m'katundu wake. Ultimate Edition imabwera ndi mphatso za Feastday, zimene zimakweza ubale ndi mnzanu ndi mapointi 50 kamodzi n'kamodzi, pa sikelo yoyambira -100 kufika 100. Mphatso wamba yoyamba imapereka 5, yokondedwa 10, ndipo zotsatira zimanka zichepa. Kulumpha kotereku kumasokoneza dongosolo la zokambirana, moti munthu amakhala bwenzi lanu la pamtima musanamve n'komwe nkhani zake zoyambirira. Pa ulendo woyamba zisiyeni.

Shale, chimunthu chamwala, amabwera ndi chowonjezera cha The Stone Prisoner, ndipo mutengeni msanga. Pitani ku Sulcher's Pass, kumene wamalonda amakupatsani ndodo yolamulira, kenako ku Honnleath, kumene chimunthu chamwalachi chaima pakati pa mudzi zaka zambiri, nkhunda zikuchinyera. Chidani chake ndi mbalame chinachokera pamenepo. Mawu oyamba amene mwapatsidwa sagwira ntchito, enieniwo ali ndi Matthias, ndipo amakuuzani mukathana ndi chiwanda chooneka ngati mphaka chimene chagwira mwana wake wamkazi. Shale savala zovala zankhondo, amagwiritsa ntchito makristalo: ang'onoang'ono ndi omenyera, akuluakulu ndi odzitetezera. Ubwino wake ndi woti amasintha udindo pakati pa nkhondo, Stoneheart ikamupanga chishango cha gulu, Pulverizing Blows womenya, Stone Aura wolimbikitsa anzake ali chiimire. Chenjezo ndi limodzi: mukapita naye ku Anvil of the Void, pa ulendo wa ku Orzammar, n'kusankha mbali ya Branka, amene akufuna kusunga chipangizo chopangira zimphona zamwalacho, Shale amakutembenukirani. Sevani musanalowe m'chipinda chimenecho.

Ku Orzammar komweko kuli Dagna, mtsikana wa mtundu wa ma dwarf amene waima mu Commons. Mtundu wake sungachite matsenga, koma iye akufuna kukawaphunzira ku Circle Tower, nsanja ya amatsenga, zimene zikutanthauza kutaya malo ake ndi ulemu wa banja lake la osula zitsulo. Ntchito yake ndi yaifupi: kukamupemphera kwa First Enchanter Irving, mkulu wa amatsengawo, n'kubwera ndi yankho. Chimene chimalakwika ndi Irving kufa. Pomenyana ndi Uldred, wamatsenga woukira, pamwamba pa nsanja, gwiritsani ntchito Litany of Adralla nthawi iliyonse akayamba kusandutsa amatsenga ogwidwawo, apo ayi Irving sapulumuka, ndipo Greagoir, mkulu wa ma templar (asilikali olondera amatsenga), samulandira Dagna. Mphotho ya pomwepo ndi yochepa, koma mu Dragon Age: Inquisition ya 2014 Dagna amabweranso ali katswiri. Mukafika ku Skyhold, likulu lanu mu gemu imeneyo, mumamuitanitsa kudzera pa tebulo la nkhondo, ndipo ndi iye amene amatsegula kupanga miyala yamatsenga ndi zida za masterwork.

Wade ndi Herren a mu msika wa Denerim ndi oseketsa kuposa anzanu ena a pa ulendo. Wade ndi mmisiri wa zovala zankhondo amene amadana ndi ntchito wamba, Herren ndi wowerengera ndalama amene akuona bizinesi ikugwa. Mamba 3 a drake, zinjoka zazing'ono, amatulutsa zovala zachikopa, ndipo mamba a chinjoka chachikulu cha pamwamba pa phiri la ku Haven amatulutsa zolimba kwambiri. Yambani ndi za drake, za chinjoka zikhale zomaliza, ndipo gulani zonse zimene mukufuna m'sitolomo musanamalize, chifukwa pamapeto pake Herren amatopa nanu n'kusiya kukugulitsani.

Ser Cauthrien, msilikali wokhulupirika wa mdani wanu Loghain, amakutchingani njira mukamatuluka ndi mfumukazi Anora m'nyumba ya Arl wa Denerim. Ambiri amabwereza nkhondo imeneyi kambirimbiri, oponya mivi akuwalasa, mpaka apambane. N'zotheka mukathawira m'chipinda cham'mbali kuti mivi isakupezeni. Koma kugonja n'kokoma kuposa: mumatsekeredwa mu Fort Drakon, n'kusankha anzanu awiri oti adzakupulumutseni mwachinyengo, ndipo awiri aliwonse ali ndi mabodza awoawo pa chipata. Yesani Oghren ndi Zevran, kapena Sten ndi galu.

Nyenyezi yachisanu yachoka pa zifukwa ziwiri. Choyamba, gemuyi ndi ya 32-bit ndipo imalephera kugwiritsa ntchito memory yopitirira 2GB. Mukasewera maola angapo, kutsegula malo atsopano kumayamba kuchedwa, zithunzi zina zimasowa, kenako imangozima yokha, makamaka mu msika wa Denerim. Mankhwala ake ndi 4GB patch pa fayilo ya DAOrigins.exe imene ili mu foda ya bin_ship, mutayamba mwakopera fayiloyo pena. Zikakanika, tsitsani Texture Detail, sevani musanalowe mu Denerim, ndipo muziitseka n'kuitsegulanso pakapita maola awiri kapena atatu.

Chachiwiri ndi mmene mndandandawu umasungira zimene munachitira anthu amenewa. Dragon Age II imawerenga sevu yanu ya Origins mwachindunji. Inquisition siyiwerenga, mumayenera kulowetsa zisankho zanu pamanja pa webusaiti ya Dragon Age Keep. The Veilguard ya 2024 imangofunsa zisankho zitatu za mu Inquisition, za Origins osafunsa ngakhale chimodzi. Inakweza Lace Harding, amene mu Inquisition ankangokulandirani pa malo atsopano aliwonse, kukhala mnzanu wa pa ulendo, ndipo anayeneradi. Koma zoti munamubwezera Sten lupanga lake kapena munamusiya m'chikwere ku Lothering, gemu imeneyo ilibe nazo ntchito.