Pengwini ndi kashembe: wina akutetezedwa, wina akutcheredwa misampha

Anzanga kuno ku Mzuzu akhala akundifunsa chifukwa chimene maiko amathera ndalama zambiri pa pengwini, mbalame imene sipezeka m'Malawi, pamene ntchentche aliyense amangofuna zitatha. Ndasankha kuyerekeza pengwini wa ku Africa ndi kashembe, mtundu wa ntchentche yoluma, popeza ntchentche ya m'nyumba, imene imaikira mazira mazanamazana, sifunikira woiteteza.

Zamoyo ziwirizi zimafanana pa chinthu chimodzi chachikulu: zonse zimaswana pang'onopang'ono. Pengwini wa m'magombe a South Africa ndi Namibia amaikira mazira awiri okha, ndipo wamwamuna ndi wamkazi amasinthana kufungatira kwa masiku pafupifupi 40. Kashembe wamkazi ndiye saikira mazira n'komwe, koma amasunga mphutsi imodzi m'mimba, kuidyetsa madzi onga mkaka, n'kuibereka itakhwima pakatha masiku pafupifupi 10.

Pengwini wavutika ndi anthu kuyambira kale. Anamukokolera ndowe zimene ankakumbamo zisa n'kukazigulitsa ngati feteleza, ndipo asodzi akumulanda nsomba zazing'ono zimene amadya. Mu 2000 sitima ya Treasure itamira pafupi ndi Cape Town, apengwini pafupifupi 19,000 anakutidwa ndi mafuta, ndipo mu 2024 bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika mbalameyi m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Ameneyu ndikumuikira kumbuyo popanda kukayika.

Kashembe ndilibe naye chifundo, ndipo amene analumidwapo ku nkhalango ya Vwaza akudziwa chifukwa chake: kamlomo kake kamaboola malaya ngati singano yamoto, ndipo ukamupirikitsa amabweranso. Koma ululu umenewo ndi waung'ono poyerekeza ndi mtengo umene sutchulidwa pokamba za kuteteza nyama. Kashembe amakhalira magazi a njiri, njati ndi nyama zina za m'nkhalango yotetezedwa, ndipo m'nyama zimenezo ndi mmene mumabisala tizilombo ta kaodzera, timene iye amapatsira munthu akamuluma. Mlendo amajambula njovu n'kubwerera kwawo, pamene mlimi wa ku Rumphi amene munda wake uli m'malire mwa nkhalango ndiye amadwala. Matendawa amayamba ndi kutentha thupi ndi mutu, motero ambiri amayesa malungo n'kuchedwa kupita kuchipatala, chonsecho kaodzera wa kuno kwathu amatha kupha m'miyezi yochepa ngati munthu salandira mankhwala.

Kuswana kochedwa kumene kukulepheretsa pengwini kuchulukananso ndi kumenenso kumatipatsa mphamvu pa kashembe, chifukwa kupha aakazi ochepa tsiku lililonse kumakwanira kugwetsa mtundu wake. N'chifukwa chake ndimakonda nsalu zabuluu ndi zakuda zonyikidwa m'mankhwala zimene zimaimikidwa m'tchire kuti zimukope, kusiyana ndi kupopera dera lonse, kumene kungaphenso ntchentche zina zimene zimanyamula mungu wa maluwa a mango.