Malo opulumutsa akalulu a kunja kwa Leeds: miyezi 7 ndili ndi Poppy

Kalulu wathu Poppy anatha masiku 12 osatuluka m'kabokosi kake ine ndikakhala m'chipindamo. Ndinkangoona kamphuno kakugwedezeka pakhomo la kabokosi, ndikasuntha phazi pang'ono, iye phaa! kumenya pansi ndi miyendo yakumbuyo. Mnzake Toffee analibe nazo ntchito, tsiku loyamba lomwelo anali atanunkhiza kale nsapato zonse za pakhomo. Onsewa tinawatenga pa malo ena ang'onoang'ono opulumutsa akalulu kunja kwa mzinda wa Leeds kuno ku Britain, oyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Papita miyezi 7, ndiye ndikhoza kunenapo za ntchito yawo ndi mtima wokhazikika.

Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo akalulu ndimati ndikuwadziwa. Abambo anali ndi khola lam'mwamba kuseri kwa nyumba, ife ana ntchito yathu inali kukathyola chisoso ndi kholowa, n'kuwonjezera madeya. Kalulu tinkamunyamula ndi makutu, ndipo palibe ankaganiza kuti akumva bwanji, poti mathero ake anali mumphika. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 9, atayamba kulirira kalulu, ndinkaganiza kuti ndingogula kakhola ku sitolo basi.

Anthu a pa malowa anakana kakholako. Anandiuza kuti ndijambule chithunzi cha pomwe akaluluwo azikhala, tepi yoyezera itayalidwa pansi. Amatsata muyeso wa bungwe loona za kasamalidwe ka akalulu la Rabbit Welfare Association & Fund, lomwe limanena kuti akalulu awiri amafunika malo osachepera mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi ndi mita imodzi kupita m'mwamba, ndipo malowo akhale awo usana ndi usiku. Anakananso kundipatsa mmodzi yekha, akuti kalulu ndi nyama yokhala pagulu, payekha amafooka. Poyamba zinandiwawa, ndinaona ngati akundiyesa mayeso pa kanthu kakang'ono. Koma tinachotsa katundu m'chipinda chaching'ono chapansi, n'kuwatumizira chithunzi, iwo n'kuvomera.

Ndinalipira mapaundi 120 pa awiriwo. Ndalamayi si yambiri mukaona zomwe anali atachita kale: Toffee anali wofula, Poppy atachotsedwa chiberekero, zomwe zimamuteteza ku khansa ya chiberekero yomwe imagwira akalulu aakazi ambiri akamakula. Onse anali atabayidwa katemera wa matenda awiri oopsa a akalulu, myxomatosis ndi RHD, yemwe amayenera kubwerezedwa chaka ndi chaka ngakhale kalulu wa m'nyumba, chifukwa matendawa amabwera ndi udzudzu, utitiri, ngakhale pansi pa nsapato zathu.

Koma chomwe ndimawayamikira nacho kwambiri sichigulidwa. Tsiku lokatenga, mayi wina wachikulire amene ankasamala Poppy anandiona ndikutambasula manja kuti ndimunyamule. Anandigwira mkono mwaulemu, n'kundiuza kuti ndikhale pansi pa simenti. Tinakhala pamenepo pafupifupi theka la ola, iwo akufotokoza. Kalulu ndi nyama yodyedwa ndi zinzake. M'mutu mwake, chilichonse chomutsikira kuchokera kumwamba n'kumunyamula ndi kabawi. Maso ake ali m'mbali, amaona pafupifupi mozungulira monse, koma kutsogolo kwenikweni kwa mphuno saona bwino, ndiye dzanja lobwera molunjika kumaso limamudzidzimutsa. Anati ndizimufikira chammbali, chapansipansi, kapena bwino koposa ndisamufikire n'komwe, abwere yekha. Anandipatsanso katoni yoboola mbali ziwiri, akuti pobisala pa khomo limodzi kalulu amaona ngati msampha. Anandichenjezanso za kumugoneka chagada: anthu amati akupuma mosangalala poti wangoti zii, pomwe ndi mantha amuumitsa thupi.

Ndinakumbuka akalulu a abambo aja, momwe ankaphiriphithira tikawakweza ndi makutu, ndipo mtima unandipweteka.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Akalulu amachangamuka m'bandakucha ndi chamadzulo, masana amagona, choncho nthawi yanga ndi Poppy inali madzulo ndisananyamuke. Ndinkakhala pa kapeti, msana utatsamira khoma, ndikuwerenga mauthenga pa foni, osamuyang'ana. Ndinkaika tsamba la coriander patali ndi ine, mawa lake n'kulisendeza pafupi pang'ono. Toffee ankadya lake n'kufuna la mnzake. Apa m'pamene ndinamvetsa nzeru yowapereka awiriawiri, chifukwa Poppy ankasuzumira mnzake akundikwera pamiyendo n'kubwerako wamoyo. Sabata yachitatu ananunkhiza chala changa chakuphazi n'kuthawa. Yachisanu analanda tsamba m'dzanja langa n'kukadyera m'kabokosi. Nthawi ina anakhuza chibwano pa bondo langa, ndipo nditawalembera mayi aja anandiyankha kuti pansi pa chibwano pali fungo lake, ndiye wandiika chizindikiro kuti ndine wake. Ndinapita kuntchito tsiku limenelo ndikumwetulira ndekha m'basi.

M'mwezi wachitatu Poppy anasiya kudya. Udzu wouma, womwe uyenera kukhala gawo lalikulu kwambiri la chakudya chake chifukwa mano a kalulu amakula moyo wake wonse, sanaukhudze. Anangodzipinda pakona, ndipo timibulu ta ndowe sitinkaoneka. Ndinatumiza uthenga cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo pasanathe mphindi 10 anandiimbira. Anati ndisadikire kuche. Kalulu sasanza, ndipo matumbo ake akaima kugwira ntchito akhoza kufa msanga. Anandiuza dokotala wa ziweto wodziwa akalulu amene amatsegula usiku, ndi momwe ndingamukutire m'thaulo miyendo yakumbuyo itachirikizidwa, chifukwa akamenya mwamphamvu ali m'malere amatha kudzithyola msana. Poppy anachira. Koma kumugwira kuja ndi kumumwetsa mankhwala masiku asanu kunatibwezera m'mbuyo, anatha masabata awiri akundithawanso. Mayi aja anali atandiuziratu kuti zidzatero, ndipo ndingoyambiranso kukhala pansi. Mawu amenewo anandithandiza kuti ndisataye mtima.

Zilipo zomwe sanachite bwino. Fomu yanga yoyamba inakhala masabata atatu osayankhidwa, mpaka ndinaganiza kuti andikana. Kukaona akalulu ndi Lamlungu lokha, pa nthawi yopangana, zomwe n'zovuta kwa ife ogwira ntchito mosinthana. Pepala la malangizo lomwe anandipatsa silinanene mwamphamvu za mawaya a magetsi, ndipo Toffee anadula waya wa intaneti sabata yoyamba, mwayi kuti sunali wa moto waukulu. Chomwe chinandikhudza kwambiri n'chakuti mbiri ya Poppy anandiuza mochedwa, nditachita kufunsa. Ankakhala m'kakhola kakang'ono kuseri kwa nyumba ina, ana a pamenepo akumutulutsa mokoka kuti asewere naye. Nkhani imeneyi bwenzi atandiuza tsiku loyamba, ndikanamukonzekeretsa bwino mwana wanga, amene analira kangapo kuti, "Amayi, bwanji Poppy amadana nane?"

Ngati muli kuno ku Britain ndipo ana akukuvutitsani za kalulu, pitani ku malo ngati amenewa m'malo mogula kamwana ku sitolo. Adzakufunsani mafunso ambiri, ndipo mwina adzakukanizani zina. Dziwaninso kuti kalulu wosamalidwa bwino amakhala zaka 8 mpaka 12, mwana amene akumulirira lero adzakhala atakula.

Poppy mpaka pano salola kunyamulidwa, ndipo tinasiya kuyesa. Mwana wanga anaphunzira kulemba ntchito ya kusukulu atagona chafufumimba pa kapeti. Lachiwiri lapitali ndikuvala nsapato kuti ndizipita kuntchito, anandinong'oneza kuti, "Amayi, taonani, musasunthe." Poppy anali atadzigwetsa chammbali pafupi ndi chigongono chake, miyendo atatambasula, maso atatsinzina theka. Mwanayo anamusisita pamphumi ndi zala ziwiri, ndipo tinamva kukukuta mano kwapansipansi kuja komwe kalulu amachita akamva bwino. Basi ya 7:40 inandisiya, ndinakwera yotsatira.