Komwe ana anga anadya mopanda mantha pa Chitakale

Ana anga onse awiri ali ndi matenda a celiac. Wachisamba, mtsikana wa zaka 10, anamupeza nawo ali ndi zaka 6, titazungulira naye zipatala kwa zaka ziwiri akumwa mankhwala a njoka zam'mimba omwe sankasintha kanthu. Mimba inkangokhala yotupa, miyendo yowonda, magazi ochepa nthawi zonse, ndipo anzake obadwa nawo chaka chimodzi anali atamusiya kutali pa msinkhu. Mlongo wake, mzime wathu wa zaka 7, tinakamuyezetsa asanayambe n'kudwala komwe, chifukwa adokotala anatiuza kuti matendawa ndi akumtundu: pa abale a bere limodzi ndi wodwala, pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse amapezeka nawo. Nayenso anamupeza nawo.

Chimawadwalitsa ndi gluten, yemwe amapezeka mu tirigu, balere ndi rye. Akalowa m'mimba, chitetezo cha m'thupi chimatembenukira matumbo aang'ono n'kumawononga timinofu tomwe timayamwa chakudya, ndiye mwana amadya koma thupi sililandira. Mankhwala ake palibe, n'kusala basi, moyo wonse. Kwathu kuno kusala tirigu ndiye kusala fulawa: buledi, mandasi, masikono, mabisiketi, samusa, ndi masoseji ambiri a m'sitolo.

Tchuthi cha mu Ogasiti tinaganiza zowachotsako anawa ku Bangwe komwe timakhala, akaone phiri la Mulanje ndi maso m'malo momangoliwerenga m'buku la sukulu. Tinadzera msewu wa Midima, kudutsa pa Nkando, n'kufika pa Chitakale dzuwa litapendeka, chiperoni chitakuta phiri lonse.

Usiku woyamba tinadya pamalo pomwe tinagona. Malowo ndi aukhondo, matebulo oyalidwa nsalu, mndandanda wa zakudya wolembedwa bwino. Ndinamufotokozera mnyamata woperekera zakudya za anawa, iye n'kuyankha ndisanamalize n'komwe kuti, "Palibe vuto, amayi." Yankho lofulumira chonchi ndinaphunzira kuliopa, koma tinali titatopa ndipo ana anali ndi njala. Tinaitanitsa tchipisi ndi nkhuku yowotcha. Mnyamata wanga atadya theka la mbale m'pamene ndinaona tinyenyeswa tofiirira tomatirira ku tchipisi. Nditafunsa kukhitchini, anavomera kuti mafuta ake ndi omwewo omwe amakazingira nsomba zoviika mu fulawa. Usiku umenewo sitinagone. Mwana anasanza kawiri, m'mamawa n'kuyamba kutsegula m'mimba, ndipo ulendo wa ku Dziwe la Nkhalamba, dziwe la mathithi la m'phirimo, tinausuntha ndi tsiku lathunthu. Sindikuti anachita dala. Iwo anamva kuti ana sadya buledi, ndipo buledi sanatipatsedi.

Masana a tsiku lachiwiri ndinapita kumsika kukagula nthochi ndi mbatata, maganizo anga ali oti masiku otsalawo tizingodya zophika ndekha. Mayi wina wogulitsa nthochi atamva nkhani yanga anandilozera kanyumba kena kuseri kwa magolosale, chakufupi ndi pomwe msewu wa ku Phalombe umapatukira, womwenso ndi wopita ku Likhubula. Chikwangwani chake chinafufutika ndi dzuwa. Anthu amangotchula dzina la mayi eni ake, lomwe sindilemba pano chifukwa sindinawapemphe. Muli matebulo anayi, mabenchi, ndowa yosambira m'manja pakhomo, ndipo odyamo ambiri ndi a kabaza ndi ogwira ntchito m'masitolo apafupi.

Eni akewo ndi mayi wachikulire ndithu, wolankhula mosathamanga. Nditawapatsa moni ndinati, "Amayi, ndabwera ndi pempho lovuta pang'ono." Anasiya mpeni womwe ankadulira anyezi, anapukuta manja pa chitenje, n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anafunsa funso lomwe apongozi anga anafunsanso zaka zinayi zapitazo: "Kodi si matenda a azungu amenewa, mwanangu?"

Funsoli silindikwiyitsa, chifukwa nanenso poyamba ndinkaganiza choncho. Ndinawauza zomwe ndinaphunzira chidwalireni anawa, kuti padziko lonse pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 aliwonse ali ndi matendawa, ndipo amodzi mwa malo omwe anapezeka ochuluka kwambiri ndi muno mu Africa momwe, pakati pa ana a mtundu wa Sahrawi a kuchipululu cha Sahara, komwe ana oposa 5 mwa 100 aliwonse anapezeka nawo. Kunoko sadziwika chifukwa kuyezetsa kwake n'kosowa ndiponso n'kodula, komanso makolo athu sankadya tirigu tsiku ndi tsiku ngati mmene tikuchitira ife. Mayiwo anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Fulawa pano timamugwira m'mamawa mokha, pa mandasi. Koma musamve za ine, lowani muone nokha."

M'malesitilanti onse omwe ndadyamo ndi anawa ku Blantyre ndi ku Limbe, palibe yemwe anandiitanirapo kukhitchini. Kawo ndi kakang'ono, kodetsedwa ndi utsi kudenga, koma chiwiya chilichonse chili ndi malo ake. Pali mbaula zitatu. Chiwaya cha mandasi chinali chovundikira pakona, beseni lokandira lili pambali pake. Poto wa nsima ndi mthiko wake sizikhudza china chilichonse, ndipo mthikowo ndinauyang'anitsitsa chifukwa chiwiya cha mtengo chimasunga zotsalira m'ming'alu. Ufa amagayitsa okha pachigayo cha chimanga.

Chomwe chinandigwira mtima sindinachione ndine. Tili chiimire, mayiwo anatenga sefa yomwe inapachikidwa pakhoma, n'kuyiyang'ana kwa kanthawi. "Iyi ndimasefera ufa wa nsima, koma m'mamawa mtsikana wanga amaseferanso fulawa. Imeneyinso ndi vuto, eti?" Ndinawayankha kuti ndi vuto lalikulu ndithu. Muyezo womwe maiko anagwirizana kudzera mu Codex Alimentarius, mndandanda wa miyezo ya zakudya wa padziko lonse, umati chakudya chimatchedwa chopanda gluten ngati sapyola mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Fumbi lotsalira m'mabowo a sefa likhoza kudutsa pamenepo. Sanatsutse, sanaseke. Anatsegula thumba lina la mgaiwa lomwe linali lisanakhudzidwe, anatapamo ndi mbale youma, n'kunena kuti atiphikira nsima yathu patokha mu sefuliya yaing'ono. Timakyubu tokometsera ndiwo tinawerenga limodzi pakapepala kake, ndipo poti zolembazo zinali zazing'ono zosaoneka bwino, anangoti satithiramo. Ena mwa timakyubu timeneti amakhala ndi tirigu, chimodzimodzi soy sauce.

Tinadikira ola limodzi ndi mphindi 15. Ndikunena poyera chifukwa ndi mwana wanjala nthawi imeneyi ndi yaitali, ndipo bambo awo anachita kuwatenga kukayenda kumsika kawiri. Koma zomwe zinabwera zinali zoyenera kudikira. Nkhuku ya lokolo inali itapsa mpaka kumafupa, msuzi wake wokhuthala chifukwa chowira nthawi yaitali ndi tomato ndi anyezi, osati chifukwa chothiramo fulawa monga amachitira m'malo ambiri amakono. Panali nandolo wamuwisi, yemwe nyengo yake inali yomweyi, wotsekemera mwakuti mtsikana wanga ankamudya ndi supuni payekha. Panalinso chigwada chotendera, chosinjidwa bwino, nsinjiro zake zosaumira. Mnyamata wanga, mimba idakali yofooka, anamukonzera phala la mpunga lamchere pang'ono, ndipo limenelo sanatilipiritse. Tonse anayi tinalipira K28,000, yomwe ku Limbe ikanangokwana anthu atatu.

Tsiku lomwelo anatilawitsa kalongonda, mtundu wina wa nyemba. Ine ndinakulira m'tauni, ndinkangomumva kwa anzanga achilomwe. Anatifotokozera kuti amawiritsa tsiku lonse uku akutaya madzi kangapo, chifukwa wosapsa amazunguza mutu. Mtsikana wanga anamukonda, mlongo wake anangoluma kamodzi n'kubweza.

Nkhani ya zitumbuwa ndi yomwe ndikufuna makolo anzanga amvetse. Chitumbuwa chenicheni ndi nthochi zakupsa ndi ufa wa chimanga, mulibe tirigu, ndipo kunyumba ndi chomwe ana anga amatenga kusukulu. Koma cha pamsewu sindigula. Ogulitsa ambiri amakazingira m'mafuta omwewo a mandasi, ndipo ena amathirako fulawa pang'ono kuti zifewe, monganso amachitira ndi chigumu. Nditawauza mayiwo zimenezi, anati ndikagule kabotolo ka mafuta atsopano, iwo adzakazinga m'poto wina asanatsegule thumba la fulawa. M'mamawa wa tsiku lachitatu tinapeza zitumbuwa 12 zili m'kontena yovundikira, zidakali zofunda, pamodzi ndi futali wa mbatata. Thobwa lawo ndi la chimanga ndi chimera cha mawere, ndipo mawere ndi mapira alibe gluten, choncho anawa anamwa momasuka. Maheu a m'sitolo okha ndi omwe ndimayamba ndawerenga kaye, chifukwa ena amathiramo tirigu.

M'mamawa womwewo panachitika cholakwika chomwe sindingabise. Eni ake anali atatuluka kukagula nkhuku, ndipo mtsikana wowathandiza anatibweretsera tiyi ndi futali, pambale yomweyo ataikapo magawo awiri a buledi. Anachita mwa ulemu, poganiza kuti akutipatsa basera. Ndinati, "Achemwali, pepani, mbale iyi ana sangadye." Iye anafuna kungochotsapo bulediyo n'kutibwezera mbale yomweyo. Ndinakana, ndipo ndinaona kuti zamukhumudwitsa. Ndinamufotokozera bwinobwino mpaka anakapakula wina pambale yotsuka. Apa m'pomwe pali kufooka kwa malowa: zonse zili m'mutu mwa munthu mmodzi. Mayiwo akachokapo, chitetezo chimachokanso. Atabwerako anamulangiza mtsikanayo pambali mosakweza mawu, koma amene mungapiteko, funsani kaye ngati eni ake alipo musanaitanitse kanthu.

Zina zoti mudziwe ndi zochepa. Musafike nthawi yokanda mandasi, chifukwa khitchini ndi yaing'ono ndipo fumbi la fulawa limauluka. Ife tinkafika ikadutsa 8 koloko. Ikakwana 2 koloko masana ndiwo zabwino zimakhala zitatha. Chimbudzi chili kuseri patali pang'ono ndipo madzi ake ndi a m'ndowa, zomwe ndi mwana wotsegula m'mimba zinandivuta. Komanso malowa si opatulidwira odwala celiac ayi. Fulawa alimo m'nyumbamo, ndipo kholo liyenera kuyang'ana lokha tsiku lililonse ngati mmene ndinkachitira ine.

Ku Dziwe la Nkhalamba tinapita tsiku lachitatulo, titanyamula zitumbuwa zija, mazira owiritsa ndi mtedza wokazinga. Kuchokera pa Likhubula tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mnyamatayu, wotiperekeza akutionetsa tinthu tosema ta mkungudza ndi kutiuza za Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, yomwe mtsikana wanga walumbira kuti adzakwera akadzakula. Madzi a padziwepo mu Ogasiti ndi ozizira moluma mafupa. Ana anangoviika mapazi n'kuthawira pamwala wadzuwa, pomwe zitumbuwa zinathera.

Madzulo ake tinabwereranso kwa mayi aja. Chipezekereni ndi matendawa, mtsikana wanga ali ndi chizolowezi chomwe chimandipweteka mtima: tikakhala kwa eni, asanaike mbamu yoyamba m'kamwa amayamba wandiyang'ana kumaso, kudikira kuti ndigwedeze mutu. Amachita zimenezi kumaukwati, kutchalitchi, ngakhale kwa azakhali ake. Usiku umenewo mbale itangofika anasamba m'manja, anatema nsima, anasusa msuzi wa matemba n'kuyamba kudya uku akukangana ndi mlongo wake kuti ndani anayamba kuona mathithi. Sanandiyang'ane. Bambo awo anaona zomwe ndinaonazo, tinangoyang'anana osanena kanthu.

Potsanzikana, mayiwo anandifunsa kuti ndiwalembere papepala zinthu zonse zomwe zili ndi tirigu. Akuti ali ndi mdzukulu ku Luchenza yemwe mimba imamuvuta chibadwire ndipo sakukula, ndiye akufuna akaonetse mayi ake. Ndinalemba, koma ndinawachenjeza kuti asamusiyitse buledi asanakayezetse, chifukwa mwana akasiya gluten, magazi ndi matumbo zimayamba kuoneka zabwinobwino ndipo adokotala sangapeze kanthu. Pepalalo analipinda kanayi n'kulimanga pansonga ya chitenje.

Pobwerera tinadzera msewu wa ku Thyolo kuti ana aone minda ya tiyi. Pa Bvumbwe tinaima kugula kabichi ndi tomato, ogulitsa mandasi n'kuzungulira galimoto monga mwa masiku onse. Anawa anali ndi kontena ina ya zitumbuwa pamiyendo, yomwe mayi aja anatipatsa m'mamawa ndipo anakana ndalama yake.